Mmene Mungapezere Launcher ya Foni Imene Eni Ake Akuisamalirabe

Launcher ndi pulogalamu imene imakulandirani mukangotsegula loko wa foni yanu ya Android. Ndiyo imayala sikirini yoyamba, kusanja tizithunzi ta mapulogalamu, kutulutsa mndandanda wa mapulogalamu onse mukakoka chala kuchokera pansi kupita m'mwamba, komanso kusunga ma widget, tizigawo tija toonetsa nthawi, nyengo kapena kalendala. Foni iliyonse imabwera ndi yake kuchokera ku fakitale: mafoni a Samsung ali ndi One UI Home, a Tecno ali ndi ya HiOS, a Infinix ali ndi ya XOS, ndipo a Google ali ndi Pixel Launcher. Android imalola mwini foni kuika launcher ina n'kuipatsa udindo umenewu, pomwe Apple salola zimenezi pa iPhone, choncho zonse zimene zili m'munsimu zikukhudza mafoni a Android okha.

Anthu amasintha launcher pa zifukwa zosiyanasiyana. Ena atopa ndi malonda ongotulukira pa sikirini, ena akufuna zilembo zikuluzikulu zoti agogo aziwerenga mosavutikira, ndipo ena akufuna sikirini yosadzaza zinthu kuti asamangogwiragwira foni tsiku lonse. Kupeza launcher n'kosavuta chifukwa pa Play Store alipo ambirimbiri. Chovuta n'kupeza imene eni ake akuigwirirabe ntchito. Pulogalamu ikasiyidwa sichoka msanga pa Play Store. Imakhalabe pomwepo ndi nyenyezi zimene inakolola zaka zapitazo, ndi zithunzi zake zokongola, moti munthu wongodutsa sangadziwe kuti kuseri kwake kulibenso aliyense. Ngakhale makampani akuluakulu amataya ma launcher awo: Google inasiya Google Now Launcher mu 2017, ndipo Yahoo inatseka Aviate mu 2018. Wogula njinga yamoto wochenjera sayamba ndi kusirira penti, amafunsa kaye ngati masipeyala ake amapezeka m'tauni, ndipo wosankha launcher ayenera kuyamba ndi funso la mtundu womwewo: kodi ndani akuisamalira, nanga amapeza bwanji ndalama zogwirira ntchitoyo?

Chifukwa chake launcher imakalamba msanga

Pulogalamu yowerengetsera masamu ikhoza kukhala zaka zisanu osakhudzidwa n'kumagwirabe ntchito bwinobwino. Launcher siitero, chifukwa imalumikizana kwambiri ndi Android yeniyeniyo, ndipo Android imasintha chaka ndi chaka. Android 8, ya mu 2017, inabweretsa timadontho toonetsa kuti pulogalamu ili ndi uthenga watsopano komanso tizithunzi totha kusintha maonekedwe. Android 10, ya mu 2019, inabweretsa kayendetsedwe ka foni kokoka chala m'malo mwa mabatani atatu apansi aja, ndipo poyamba ma launcher ochokera kwina sankagwirizana nako. Android 12, ya mu 2021, inayamba kutenga mitundu kuchokera pa chithunzi chakumbuyo n'kuifalitsa foni yonse, ndipo Android 13 inafikitsa mitunduyo pa tizithunzi ta mapulogalamu. Android 15, ya mu 2024, inabweretsa Private Space, malo okhoma obisiramo mapulogalamu ena, amene launcher iyenera kuphunzitsidwa mwapadera kuti iwaonetse. Chilichonse mwa zimenezi chimafuna munthu woti akhale pansi n'kukonza launcher kuti igwirizane nacho.

Munthuyo akakhala palibe, zizindikiro zimabwera pang'onopang'ono. Mumakanikiza batani lobwerera kumayambiriro koma sikirini imakhala yopanda kanthu kwa kanthawi isanaonetse tizithunzi; widget ya wotchi imaima pa ola limene linadutsa kale; pulogalamu imene mwangoika kumene sioneka pamndandanda mpaka mutazimitsa foni n'kuiyatsanso. Pamwamba pa zonsezi, launcher imayaka nthawi yonse imene foni ikuyaka ndipo imadziwa dzina la pulogalamu iliyonse imene muli nayo, kuphatikizapo za banki ndi zotumizira ndalama. Pulogalamu yokhala pamalo otere siyenera kukhala ya masiye.

Zimene tsamba la Play Store limaulula

Mukapeza launcher imene yakusangalatsani, musafulumire kukanikiza Install. Tsegulani About this app n'kutsikira pansi penipeni, pamene pali mizere ingapo imene anthu ambiri saiwerenga. Updated on imanena tsiku limene pulogalamuyo inakonzedwa komaliza, Released on imanena pamene inatuluka koyamba, ndipo Offered by imatchula mwini wake. Popeza Android yatsopano imatuluka chaka chilichonse, launcher imene yatha chaka chathunthu osakonzedwa ndiye kuti yadumphidwa kale ndi Android imodzi, ndipo imene yatha zaka ziwiri ndi bwino kuiona ngati yosiyidwa, kaya ili ndi nyenyezi zingati. Miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi si chinthu chodetsa nkhawa, makamaka pa launcher yosachulukitsa zinthu imene ilibe zambiri zoti n'kuwonongeka.

Apa eni mafoni akale ayenera kuchenjera kuposa ena onse. Google ili ndi lamulo lakuti pulogalamu yotsalira kwambiri m'mbuyo isamaonekenso kwa anthu atsopano amene mafoni awo ali ndi Android yatsopano kuposa imene pulogalamuyo inakonzedwera, ndipo kuyambira pa Android 14 foni yeniyeniyo imakana kulandira mapulogalamu okonzedwera Android yakale kwambiri. Zimenezi zimateteza amene ali ndi foni yatsopano, koma amene ali ndi foni ya Android 9 kapena 10 Play Store imamuonetsabe ma launcher ambiri amene anthu ena sakuwaonanso. Ngati foni yanu ndi ya zaka zingapo, kapena munaigula kwa munthu wina, musaganize kuti chilichonse chimene Play Store yakuonetsani ndi chamoyo.

Mukaona tsiku, werengani What's new. Wosamalira pulogalamu moona amatchula chimene wakonza: vuto la ma widget pa Android yakutiyakuti, vuto la kukoka chala pa mafoni a mtundu wakutiwakuti, chinenero chimene chawonjezedwa. Amene amangobwereza mawu amodzimodzi akuti akonza zolakwika ndi kuwonjezera liwiro, update iliyonse, sanakuuzeni kanthu. N'kutheka kuti akugwiradi ntchito, koma n'kuthekanso kuti amangosintha gawo la malonda n'kutumizanso pulogalamuyo kuti tsiku lioneke latsopano.

Kenako pitani ku ndemanga za anthu, ndipo musakhutire ndi zimene Play Store yaika pamwamba, chifukwa zimenezo zikhoza kukhala za zaka zinayi zapitazo. Kanikizani See all reviews, musankhe Most recent, ndipo ngati mwayi wosankha ndemanga za update yomaliza kapena za foni ya mtundu wanu ulipo, ugwiritseni ntchito. Muyang'ane zinthu ziwiri. Choyamba ndi dandaulo limene likubwerezedwa ndi anthu osiyanasiyana kwa miyezi ingapo, chifukwa vuto limene lakhala nthawi yaitali chotero osakonzedwa likunena zambiri kuposa nyenyezi zonse. Chachiwiri ndi mayankho a eni pulogalamu pansi pa ndemangazo: kodi alipo, ndi a liti, nanga akuyankha vuto lenilenilo kapena ndi mawu okonzeratu opepesa amene amamatidwa paliponse? Pomaliza tsegulani App support n'kuyesa adiresi ya webusayiti imene yalembedwapo. Webusayiti yosatseguka, kapena imene nkhani yake yomaliza ndi ya zaka zitatu zapitazo, yakuyankhani kale.

Tsiku latsopano pa lokha si umboni

Ili ndilo gawo limene limasokoneza anthu ambiri, ndipo mbiri ya Nova Launcher ikulionetsa bwino. Nova anaiyambitsa Kevin Barry mu 2011, ndipo kwa zaka zoposa khumi ndiyo inali yankho loyamba munthu akafunsa za launcher yabwino. Mu 2022 inagulidwa ndi Branch, kampani yofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito mapulogalamu a pafoni. Mu Ogasiti 2024 kampaniyo inachotsa ntchito pafupifupi onse amene ankagwira pa Nova, n'kutsala Barry yekha. Mu Seputembala 2025 Barry analengeza kuti nayenso wachoka, ndipo anafotokoza kuti anauzidwa kuti asiye ntchito imene ankachita yokonzekera kutulutsa code ya Nova (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamuyo) poyera kuti anthu ena aipitirize. Kumayambiriro kwa 2026 Nova inapita m'manja mwa Instabridge, kampani ya ku Sweden, imene inanena kuti ikuganizira zoika malonda mu Nova yaulere. M'zaka zonsezi dzina silinasinthe, kachithunzi kake kanali komweko, ndipo nkhani zakale zoiyamikira zidakalipo pa intaneti. Munthu woweruza ndi dzina lokha sakanadziwa kuti anthu amene anaimanga anachoka kale.

Zofanana ndi zimenezi zinachitikira mapulogalamu a Simple Mobile Tools, amene anthu ankawakonda chifukwa analibe malonda ndipo code yake inali poyera. Chakumapeto kwa 2023 anagulitsidwa ku kampani ya ZipoApps, ndipo anthu amene sanasangalale ndi kugulitsako anatenga code yakale n'kuipitiriza pansi pa dzina latsopano la Fossify, limene lili ndi launcher yakeyake. Pa nkhani ngati iyi pulogalamu ya dzina lakale ikhoza kukhala ndi tsiku latsopano pa Play Store, koma ntchito imene anthu ankaikhulupirira yasamukira ku dzina lina.

Choncho mukaona Offered by, tengani mphindi zochepa kufufuza dzinalo. Likanikizeni kuti muone mapulogalamu ena a mwini yemweyo: ngati ali ndi mapulogalamu makumi angapo osagwirizana, monga tochi, zotsukira foni, zoziziritsira batire ndi makibodi a maluwa, ndiye kuti bizinesi yake ndi malonda, ndipo launcher ndi khomo chabe lolowetsera malondawo. Mu Febuluwale 2020 Google inachotsa pa Play Store mapulogalamu pafupifupi 600 chifukwa cha malonda osokoneza, ndipo pakati pawo panali a Cheetah Mobile, eni ake a CM Launcher imene inali m'mafoni ambiri nthawi imeneyo. Lembaninso dzina la launcher pa Google pamodzi ndi mawu achingerezi monga acquired, sold kapena discontinued, ndipo muyang'ane tsiku la nkhani iliyonse imene yatuluka. Mindandanda ya ma launcher abwino imene imadzaza intaneti nthawi zambiri imangosinthidwa chaka pamutu, zam'kati zili zomwe zija.

Ma launcher amene code yake ili poyera

Ma launcher ena amapangidwa ndi anthu odzipereka amene amaika code yonse pa GitHub, webusayiti yosungirapo code, kuti aliyense aione, ndipo ubwino wake kwa inu ndi wakuti ntchito yawo siibisika. Simufunika kudziwa kulemba mapulogalamu kuti muwerenge tsamba la GitHub. Pa Releases pamaoneka mndandanda wa ma update ndi masiku ake. Pa Commits pamaoneka kusintha kulikonse kumene kwachitika, ndi dzina la amene wasintha. Mukaona mayina angapo akusinthanasinthana m'miyezi yapitayi ndiye kuti ntchitoyo siili pamsana pa munthu mmodzi, pomwe mukaona kuti zosintha zonse zaposachedwa ndi zomasulira zinenero zokha kapena zochitidwa ndi makina, ndiye kuti ntchito yeniyeni inaima. Pa Issues ndi pamene anthu amadandaulira, ndipo kuchuluka kwa madandaulo si vuto, chifukwa pulogalamu yotchuka imakhala nawo ambiri. Vuto ndi pamene palibe mwini wake amene wayankhapo kwa miyezi. Mukaona pamwamba pa tsamba palembedwa kuti ntchitoyo ndi archived, ndiye kuti eni ake alengeza okha kuti atseka.

F-Droid ndi sitolo ina ya mapulogalamu a mtundu umenewu. Imaonetsa tsiku la update iliyonse ndi zilolezo zimene pulogalamu imapempha, ndipo imachenjeza ngati pulogalamu ili ndi malonda kapena zolondalonda anthu. Dziwani kuti update imatha kufika pa F-Droid mochedwerapo kuposa pa GitHub, ndiponso kuti Play Store ndi GitHub sizigwirizana nthawi zonse. Lawnchair ndi chitsanzo: kwa nthawi yaitali Play Store inali ndi Lawnchair yakale pomwe ntchito yatsopano inkatulukira pa GitHub, moti woyang'ana malo amodzi okha akanaiweruza molakwika.

Ndalama ndi zilolezo

Munthu amene akukonza launcher chaka ndi chaka ayenera kudya, ndipo njira zake ndi zowerengeka: kugulitsa gawo lapamwamba la pulogalamuyo, kulandira zopereka, kudalira kampani yaikulu imene ili ndi zolinga zina, kapena kuonetsa malonda ndi kusonkhanitsa zambiri za anthu. Play Store imalemba Contains ads kapena In-app purchases pansi pa dzina la pulogalamu, ndipo gawo la Data safety limanena zimene pulogalamuyo imasonkhanitsa, ngakhale kuti zimenezo amalemba okha eni ake. Kuti mumve mbali ina, webusayiti ya Exodus Privacy, bungwe la ku France, imafufuza m'kati mwa mapulogalamu a pa Play Store n'kutchula zida zolondalonda ndi za malonda zimene yapezamo. Mwa maganizo anga, launcher yogulitsa gawo lapamwamba poyera ndi yodalirika kuposa yaulere kotheratu imene simukuona kumene imapeza ndalama. Kwa ambiri a ife kulipira pa Play Store n'kovuta chifukwa kumafuna khadi la banki lololedwa kugula kunja, choncho yang'anani ngati gawo laulerelo likukukwanirani pa lokha musanazolowere zinthu zimene adzakutsekerani masiku oyeserera akatha.

Pa zilolezo, launcher ili ndi zifukwa zomveka zopemphera zina. Imapempha kuona mauthenga obwera pamwamba pa sikirini kuti ionetse timadontho tija, ndipo imapempha manambala a anthu ngati mukufuna kuwafufuza kuchokera pa sikirini yoyamba. Chilolezo chofunika kuchiganizira kawiri ndi cha Accessibility. Ma launcher ambiri amachipempha pa ntchito yaing'ono, yoti muzitha kuzimitsa sikirini pogogoda kawiri, koma chilolezochi chikhoza kupatsa pulogalamu mphamvu yowerenga zimene zili pa sikirini ndi kukanikiza mabatani m'malo mwanu. Ganizirani zimene zimaoneka pa sikirini yanu mukaimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya TNM Mpamba, kenako mudzifunse ngati kugogoda kawiriko n'koyenera mtengo umenewo pa pulogalamu imene mwini wake simukumudziwa. Launcher yabwino imagwirabe ntchito mukakana chilolezochi, imangosiya kantchito kamodziko. Imene ikukakamira, kapena ikupempha kuwerenga ma SMS, kapena kuonekera pamwamba pa mapulogalamu ena popanda chifukwa chomveka, ichotseni.

N'chifukwa chomwechi APK (fayilo yoikira pulogalamu pa foni) yolandira kwa mnzanu kudzera pa Xender kapena Bluetooth siyenera kukhala gwero la launcher yanu, ngakhale kuti imapulumutsa bandulo. Simudziwa kuti inatuluka liti ndiponso yadutsa m'manja angati. Yoopsa kwambiri ndi ija amati Prime kapena Pro yotsegulidwa kale kuti musalipire: munthu wina anaitsegula m'kati n'kuisintha, Play Store singaikonzenso chifukwa chidindo cha mwini wake chinachoka, ndipo palibe angakutsimikizireni kuti wosinthayo sanaikemo zake. Ma launcher ambiri abwino ndi aang'ono, sangakuthereni bandulo, ndipo amene mukufuna kusunga mayunitsi mungadikire pamene mwapeza Wi-Fi.

Mayina oyambirapo

Mayina ali m'munsiwa ndi poyambira chabe, ndipo lililonse liyesedwe ndi njira zimene tafotokozazi pa tsiku limene mukuwerenga, chifukwa zinthu zimasintha. Amene akufuna sikirini ya masiku onse, ya tizithunzi tondandalikidwa m'mizere ngati ya mafoni a Pixel, ayambe ndi Lawnchair, imene inamangidwa pa launcher ya Android yeniyeniyo ndipo code yake ili poyera. Ingodziwani kuti eni ake amakhalitsa pa ma update oyeserera otchedwa beta. Smart Launcher imasanja yokha mapulogalamu m'magulu, monga a masewera, a mauthenga ndi a nyimbo, ndipo ili ndi gawo lolipira. Microsoft Launcher, imene inayamba ndi dzina la Arrow mu 2015, imathandiza amene ntchito yawo ili pa Outlook ndi kalendala ya Microsoft, koma ili ndi zambiri zimene foni yofooka ingalemedwe nazo.

Niagara Launcher inatenga njira ina: mapulogalamu ochepa amene mumawakonda amakhala pamzere umodzi wotsika, ndipo ena onse mumawapeza poyendetsa chala pa zilembo za A mpaka Z zimene zili m'mphepete, moti foni yaitali imagwirika ndi dzanja limodzi. Olauncher imachotsa tizithunzi tonse n'kusiya mayina okha. KISS Launcher ndi yaing'ono kwambiri ndipo imadalira kufufuza: mumalemba zilembo ziwiri kapena zitatu, pulogalamu kapena dzina la munthu n'kutulukira. Ziwiri zomalizazi ndizo ndingayambe nazo pa foni ya RAM ya 2GB, monga mafoni ambiri otsika mtengo a Android Go (Android yopepuka yopangira mafoni ofooka), kumene launcher yolemera imatsekedwa ndi foni mukangotsegula Facebook n'kumayambiranso nthawi iliyonse mukabwerera. Kvaesitso nayo ndi yofufuzira ndipo code yake ili poyera, koma ili ndi zambiri kuposa KISS. Kwa okalamba ndi ovutika maso kuli BIG Launcher, ya mabatani akuluakulu, ngakhale kuti mafoni a Samsung ali kale ndi Easy mode imene ingakwanire popanda kuika chilichonse.

Pali yankho lina limene anthu salikonda koma nthawi zina ndilo loona: launcher imene inabwera ndi foni. Imakonzedwa pamodzi ndi foniyo, imagwirizana bwino ndi kukoka chala kuposa ina iliyonse, ndipo zambiri zimene zimatopetsa anthu, monga tsamba la nkhani lakumanzere ndi mapulogalamu ongokuganizirani, zimazimitsika. Gwirani chala kwa kanthawi pamalo opanda kanthu pa sikirini, mutsegule zosintha za launcher, muzimitse zimene simukuzifuna, kenako muone ngati chifukwa chosinthira chidakalipo. Ngati foni yanu ikulandirabe ma update kuchokera kwa opanga, launcher yake ndi yosamalidwa kale.

Kuiyesa pa foni yanu

Musanasinthe, jambulani sikirini iliyonse ya launcher yanu yakale kuti mudzakumbukire mmene munasanjira zinthu. Mukaika yatsopano, pitani ku Settings, kenako Apps, kenako Default apps, musankhe Home app. Pa Samsung njirayo imadzera pa Choose default apps, ndipo pa mafoni ena n'kosavuta kungolemba mawu akuti home kapena default pamalo ofufuzira a Settings. Launcher yakale musaichotse kapena kuiletsa kugwira ntchito, ngakhale wokonza mafoni atakuuzani kuti angathe kutero. Kuyambira pa Android 9, pa mafoni ambiri sikirini yoonetsa mapulogalamu amene mwangowagwiritsa ntchito ili m'kati mwa launcher ya fakitale, choncho imagwirabe ntchito kuseri ngakhale mwaika ina. Ichi ndichonso chifukwa chake kukoka chala kumatha kudodoma pang'ono pa launcher yochokera kwina, ndipo pa mafoni ena a Xiaomi kumakanika kotheratu mpaka mutabwerera ku mabatani atatu. Vuto limeneli si chizindikiro chakuti launcher yasiyidwa. Gwero lake ndi opanga foni.

Ipatseni sabata yathunthu musanaiweruze, ndipo m'sabatayo muchite dala zinthu zimene zimavumbula zofooka. Zimitsani foni n'kuiyatsanso kuti muone ngati ikubwerera ku launcher yatsopano, tizithunzi ndi ma widget zili m'malo mwake. Ikani pulogalamu ina n'kuichotsa, muone ngati mndandanda ukusintha nthawi yomweyo. Ngati muli ndi WhatsApp ziwiri kudzera pa njira ya foni yanu yopangira mapasa a pulogalamu, tsimikizani kuti zonse ziwiri zikuoneka, chifukwa ma launcher ena yachiwiriyo saiona. Ngati launcher ikumangotsekeka, ichotseni pamndandanda wa mapulogalamu amene foni imawagoneka posunga batire, ndipo pa mafoni a Tecno ndi Infinix yang'ananinso mu Phone Master, pamene pali zololeza pulogalamu kudziyatsa yokha.

Sabata ikatha, tsegulani Settings, Apps, musankhe launcher ija, muone data ndi batire zimene yagwiritsa ntchito. Launcher yopanda tsamba la nkhani kapena zanyengo ilibe chifukwa chodyera data yooneka, choncho mukapeza kuti yatha ma MB ambiri muli osadziwa, ndiye kuti ikukoka malonda kapena ikutumiza zinthu kwina. Njira ina yoyesera eni ake ndi kuwalembera funso laulemu la vuto lenileni limene mwakumana nalo, mutchule mtundu wa foni ndi Android yake. Munthu mmodzi wogwira ntchitoyi madzulo akaweruka sangayankhe tsiku lomwelo, koma yankho lililonse la munthu weniweni ndi umboni woposa tsiku la pa Play Store.

Kubwerera m'mbuyo kumadzera njira yomwe ija ya Home app. Ngati batani la Uninstall likukana, ndiye kuti launcher idakali pa udindo kapena munaipatsa mphamvu ya Device admin (chilolezo chapadera cholamulira foni), imene muyenera kuichotsa kaye mu zosintha za chitetezo. Ngati yasokonekera moti sikirini siikuoneka n'komwe, kokani kuchokera pamwamba kuti mufike ku Settings kudzera pa kachithunzi kooneka ngati gudumu, ndipo zikakanika yatsani foni mu Safe mode, mmene mapulogalamu onse oika nokha amagona ndipo launcher ya fakitale imabwerera.

Imene mwakhazikika nayo, sungani backup yake ngati ili ndi mwayi umenewo, koma dziwani kuti fayilo ya launcher imodzi kawirikawiri siigwira pa ina, choncho zithunzi za sikirini zija muzisungebe. Tsamba lake la pa Play Store muzibwererako nthawi iliyonse foni yanu ikauzidwa kuti Android yatsopano yafika, musanavomereze, kuti muone ngati eni launcher anena kuti aikonzekera. Muzibwererakonso mukaona malonda pamene panalibe, mukapemphedwa chilolezo chimene simunapemphedwepo, kapena mukauzidwa kuti muvomereze mfundo zatsopano za chinsinsi, ndipo mzere woyamba kuuwerenga pa nthawi imeneyo ukhale wa Offered by.